Lamba Wofiira wa Bungwe Lina

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinasamuka ku Old Airport kupita ku Al Thumama, madera awiri a mumzinda wa kunja umene tinkakhala, bambo atapeza ntchito ina ya udalaivala. Taekwondo, masewera omenyana ndi miyendo ndi zibakera, ndinaiyamba ndili wamng'ono, ndipo lamba wanga wofiira ndinkamunyadira kwambiri.

Tsiku loyamba kukalabu yatsopano, aphunzitsi, bambo a imvi ochokera ku Iguputo, anati ndiwaonetse zimene ndinkadziwa. Nditamaliza anati, "Umatha, Asiyatu. Koma lamba uyu ndi wa bungwe lina. Kuno uyambira woyera."

Ndinalira njira yonse m'galimoto. Bambo anangoti, "Halasi, basi zatha, mwanawe, pukuta misozi. Akulanda lamba, miyendo akusiyira."

Patapita miyezi anandilola kupikisana. Ndikukumbukirabe fungo la thukuta m'chipewa chotchinjiriza mutu. Ndinkatsogola bwinobwino, koma mnzanga amene ndinkapikisana naye atatsitsa manja, chibakera changa chinapita chokha kumaso kwake, monga ankatiphunzitsira kukalabu yanga yakale. Kuno zimenezo n'zoletsedwa. Anandichotsera mapointi, ndipo ndinaluza. Mnyamata wina wa m'kalabu mwathu anakuwa kuti taekwondo yanga ndi yafeki.

Mawa lake aphunzitsi anatikhazika pansi tonse. Anatiuza kuti nkhondo itatha ku Korea, akuluakulu a masukulu osiyanasiyana anagwirizana kupanga masewera amodzi. Kenako ndale zinawagawanitsa. Mtsogoleri wina anatuluka m'dzikomo ndi bungwe lake, otsalawo nakhazikitsa lawo, limene linakafika ku Olimpiki. Wotuluka uja atamwalira, bungwe lakenso linang'ambika.

"Ndiye enieni ndi ati?" anafunsa mnyamata uja.

"Onse amati enieni ndi iwowo," anayankha aphunzitsi. "Asiyatu, imirira. Tionetse mmene mumachitira kwanu."

Ndinaimirira. Ndinayenda motsika ndi kukwera monga ndinazolowera, mpweya ukutuluka mwamphamvu pa chibakera chilichonse. Ndisanamalize ndinamva phazi likugunda kumbuyo kwanga. Anali aphunzitsi, akutsatira popanda kuphonya. Nawonso anayambira m'bungwe langa lakale lija ali mnyamata.

Lero ndimaphunzitsa ana Loweruka lililonse, ndipo malamulo a bungwe lathu ndimawasunga, chifukwa pabwalo pamafunika lamulo limodzi. Koma ndinamvetsa kuti mkangano wa akuluakulu ukhoza kukufika ngati chuma chamasiye, ndipo uli ndi ufulu woukana. Mwana akabwera kuchokera mbali inayo, sindifunsa amene anamuphunzitsa. Ndimamuuza kuti avule nsapato alowe.