Lachiwiri la a Kwamena

Kukua Bentsil amawamba nsomba ku Moree, pa mauvuni atatu amene adamusiyira mayi ake. Maso ake amakhala ofiira ndi utsi chaka chonse. Anthu amamudziwa pa zinthu ziwiri: nsomba zake sizinyenyeka, komanso ndiye adakasiya bambo ake kunyumba ya okalamba ku Cape Coast. Chachiwirichi amachinena iye akadutsa.

Bambo akewo, a Kwamena, adasodza zaka makumi asanu. Atayamba kuiwala, ankadzuka mbandakucha kukafuna bwato limene adagulitsa kalekale. Kawiri konse asodzi anzawo adawavuula m'mafunde. Kukua sakadatha kuyang'anira moto ndi bambo nthawi imodzi.

Lamlungu lina atapita kukawaona, adamuimitsa pakhomo Sisitere Perpetua, mkulu wa nyumbayo.

"Achemwali, bambo anu akwera mpanda katatu sabata ino. Dzulo amenya mlonda ndi tsache. Akabwerezanso, mudzawatenge."

"Ndikawaika kuti, Sisitere?"

"Ine ndili ndi okalamba khumi ndi asanu ndi anayi. Timawauza bwinobwino kuti bwato kulibe, koma m'pamene amalusa."

Sisitereyo kwawo n'kumpoto, ndipo nyanja adayamba kuiona ali wamkulu kale. Kukua adawapeza bambo ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, atapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Mayi inu, tanditsegulireni chipata," adatero, osamuzindikira. "Anzanga akundisiya."

"Lero, bambo? Mwaiwala kuti ndi Lachiwiri?"

Mawuwo adangomutuluka. Kugombe lawo palibe amene amalowa m'nyanja Lachiwiri. Ndi tsiku loti nyanja ipume, amuna n'kumasoka maukonde. A Kwamena adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adayamba kutsitsa buluku lija.

"Nanga ukonde uli kuti? Akazi a masiku ano, pakamwa pokha!"

M'mawa mwake Kukua sadayatse moto. Adakwera minibasi atasenza ukonde wakale umene adaucheka ndi mpeni apa ndi apo, pamodzi ndi ulusi ndi chosokera. A Kwamena adaupapasa ndi zala, nkhope n'kuchita tsinya.

"Uwu sudang'ambike ndi mwala. Wacheka ndi munthu. Mukundiyesa mwana?"

Adauponya uko. Kukua adachita manyazi ngati wagwidwa akuba. Madzulo ake adapita kugombe, kwa amuna omwe aja amamunena, n'kupempha ukonde wong'ambikadi. Adayamba amuseka.

"Bambo ako udawataya wekha, lero ukufuna uwalembe ganyu?"

Koma a Ekow, amene kale adapalasa bwato limodzi ndi a Kwamena, adatulutsa wawo. "Tenga uwu, mwanawe. Ana angawa akasoka, mfundo zake zimamasuka nsomba ikangoyetsemula."

Umenewo a Kwamena adaulandira. Adakola chingwe kuchala chachikulu cha kuphazi, n'kuyamba ntchito osayang'ananso munthu.

Chidatsala n'chakuti wina aziwauza m'mawa uliwonse kuti ndi Lachiwiri. Sisitere Perpetua adakana.

"Ine ndiziti Lachiwiri pa Lachisanu? Bodza limenelo, achemwali."

"Ndiye musanene kanthu. Muzingowaikira ukonde pakhomo asanadzuke. Tsikulo adzalitchula okha."

Sisitere adati ayesa kwa sabata ziwiri.

Tsopano papita miyezi isanu ndi iwiri. Lamlungu lililonse Kukua amapita ndi ukonde wong'ambika, n'kubwerako ndi wosokedwa. Masiku ena manja a bambo ake amasokonezeka, ndipo a Ekow amamasula mfundozo mwakachetechete. Dzina la mwana wawo, a Kwamena sadalikumbukirebe.

Mwezi watha, akuwadula zikhadabo, a Kwamena adadandaula: "Chaka chino Lachiwiri lachuluka. Tidya chiyani?"

"Nsomba zilipo, bambo. Ndawamba zambiri."

Potuluka adakumana ndi Sisitere Perpetua. Kukua adaima, akuyesa amuuza kuti awatenge bambo ake.

"Sabata yamawa mubwere ndi ulusi wambiri," adatero sisitereyo. "Ndi chipewa. Pansi pa mango paja masana pamafika dzuwa."