Zigoba za Apongozi Anga

Ndinakwatira ku Mitundu chaka chimene anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana osayang'ana kumbuyo. Kwathu ndi ku Nathenje, kumene ndinali ndi kashedi m'mbali mwa msewu, kokonzerako injini za zigayo ndi njinga zamoto. Koma mkazi ndinamupeza ku Mitundu, ndiye ndinapita chikamwini monga amapitira aliyense. Pawailesi ankati tsopano munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Ine ndinkangoseka. Ufuluwo unafika m'tauni, unafika pamsika, koma pabwalo la apongozi anga unali usanafike. Pamenepo mkamwini ankalankhula akafunsidwa basi.

Apongozi anga aamuna anali mlenje, osati wa misampha ndi agalu ayi. Anali ndi mfuti yeniyeni, yakale ya asilikali, yololedwa ndi boma. Anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya, kuthamangitsa nguluwe ndi anyani, ndipo mwini esitetiyo pochoka anawasiyira mfutiyo pamodzi ndi kamakina kodzazira zipolopolo. Nguluwe za ku Dzalanyama zikayamba kugwetsa chimanga, mudzi wonse unkathamangira kwa iwo. Zipolopolo zatsopano nthawi imeneyo zinasowa m'masitolo, ndiye akaombera ankatola chigoba, kamkuwa kopanda kanthu kotsalako, n'kukachidzazanso kunyumba.

Chigoba chikaombedwa chimafufuma mpaka kukwana thithithi m'mimba mwa mfuti. Kuti chidzalowenso bwino, amachipana m'chikombole chachitsulo chomangidwa pa kamakina kaja, ndipo chikombolecho chimabweza m'mbuyo phewa la chigoba, paja chimayambira kuchepa chakukamwa. Apongozi ankamanga chikombolecho mpaka kumapeto kwenikweni. Ankati chipolopolo chizingolowa chokha, chifukwa nguluwe siidikira munthu. Koma mfuti yawo inali itakalamba, m'mimba mwake munali mutakula. Chigoba chopanidwa chotero chinkalowa n'kusiya mpata. Akaombera chinkatamuka kuti chitseke mpatawo, iwo n'kuchipananso, icho n'kutamukanso. Aliyense amene anathyolako waya pomupindapinda akudziwa kumene nkhani yotere imathera.

Zonsezi ndinkaziona ndili patali, m'chigafa, ndikusoka fodya wawo. Kuyeza mpata ndiye ntchito yanga. Injini ya chigayo imafa chifukwa cha kampata kosakwana n'chikhadabo chomwe, ndipo ine ndinkadya chifukwa chodziwa zimenezo.

Tsiku lina mkazi wanga akusesa anatola chigoba chimodzi pansi pa mtengo wa mango n'kundipatsa kuti ndione. Chakumunsi kwake kunali kamzere kowala, kozungulira monsemo. Ndinatenga sipoko ya njinga, ndinaipinda kunsonga, n'kuiyendetsa m'kati mwa chigobacho. Inakola. Mayo ine! Mkuwa unali utapyapyala pamenepo, m'kati munali mutachita kangalande. Chigoba chotero chikaduka poombera, moto supita kwina, umabwerera kumaso kwa woomberayo. Ndipo diso lamanja la apongozi linkakhala pomwepo, kumbuyo kwa chitsekero cha mfuti.

Loweruka la sabata imeneyo apongozi anali atapangana ndi anthu kuti akasake nguluwe zimene zinali zitasakaza minda ya kudambo.

Ndinachita monga mwambo umanenera. Ndinauza mkazi wanga, iye anauza amayi ake, amayi ake anauza amuna awo. Yankho linabwera njira yomweyo tsiku lotsatira. Mkazi wanga analinena akuyang'ana pansi: "Akuti akamwini adziwe za zigayo, za mfuti aziwasiyira eni ake."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinaponya chipewa pansi. "Eni ake! Diso likaphulika, adzalitola ndi eni akewo?"

"Musakweze mawu, amva," anatero mkazi wanga.

"Amve! Kodi ine ndinabwera kuno kudzangosoka fodya ndi kuonerera munthu akudzipha?"

Iye anangotola chipewacho n'kuchisansa fumbi. Ndinadziwa chimene ankaopa. Mkamwini wodzudzula apongozi pamaso amapeza katundu wake ali panja, ndipo palibe nkhoswe imene ingamuikire kumbuyo. Komanso ndinkawakonda akuluwo. Iwonso anabwera pamudzipo ngati mkamwini kalekale, anapirira zawo, ndipo sanandinyozepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kungoti pa mfuti yawo sankamva za munthu.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje, kushedi kwanga. Ndinapana chigoba chija pa vayisi n'kuchicheka ndi sowo chamlitali, pang'onopang'ono, mpaka chinagawika pawiri. Ngalande ija inaonekera poyera. Mkuwa pamenepo unali ngati khoko la anyezi. Ndinakulunga zidutswazo m'kansalu n'kubwerera, dzuwa likuwotcha, ndikudzilankhulira ndekha njira yonse ngati wamisala.

Ndinawapeza ali pansi pa mango paja, kamakina kali pa benchi, chitini cha zigoba chili pambali. Apongozi aakazi atandiona ndikulunjika kumeneko analowa m'nyumba mwachangu. Ndinavula chipewa, ndinanjuta chapatali, n'kuomba m'manja.

"Odi, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kwagwanji, akamwini?"

"Palibe chagwa, bambo. Ndabwera n'kanthu koti muone. Mukaona mundithamangitse ngati mufuna, koma muyambe mwaona."

Ndinafunyulula kansalu kaja, ndinakaika pansi pakati pa ine ndi iwo, n'kubwerera pamalo panga. Anawerama, anatola chidutswa chimodzi, anachiyandikiza kumaso. Kenako anayendetsa chikhadabo m'katimo. Chinakola pangalande paja. Anayendetsanso, chinakolanso. Anachipinda pang'ono ndi zala, ndipo chinangoti thyo!

"Ichi n'changa?"

"N'chanu, bambo."

"Ndikanachidzaza mawa."

Anayamba kusisita diso lamanja ndi chala, mwina osadziwa n'komwe kuti akutero. Kenako anakankha chitini chija ndi phazi kuti chibwere kwa ine.

"Sendererani kuno. Muli kutaliko muona chiyani?"

Tinayesa chigoba chilichonse ndi sipoko ija. Zambiri zinakola. Zinandipweteka ine amene, chifukwa ndinkadziwa kuti zina sazipezanso. Koma iwo eni anatenga nyundo n'kumaziphwanya pamwala chimodzichimodzi, kuti wina asadzazitole. Zabwino zinatsala zongodzaza dzanja.

Ndiye ndinawaonetsa mmene ndimayezera mpata posaoneka ndi maso. Tinayatsa koloboyi masana dzuwa likuswa mtengo, ana a pamudzi mpaka kuseka. Ndinadetsa phewa la chigoba chopanda onga ndi mwaye wa nyaliyo. Chikombole ndinachimasula, ndinachikweza m'mwamba, kuti chisakhudze phewalo. Iwo analowetsa chigobacho m'mfuti, chitsekero chinakana kutseka. Ndinatsitsa chikombole pang'ono, tinapana, anayesanso, chinakanabe. Ndinatsitsanso pang'ono.

"Mangani kwambiri, tithane nazo," anatero.

"Iyayi, bambo. Kumanga kwambiriko n'kumene kwatifikitsa pano."

Ndinadzidzimuka nditamva pakamwa panga pakutuluka "iyayi" kwa apongozi. Iwo anangondiyang'ana cham'mbali, n'kuseka m'mphuno. "Muli n'liuma, akamwini."

"Ndatengera pamudzi pano, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Apongozi aakazi anasuzumira pakhomo kuti aone chimene chachitika, n'kubwereranso.

Tinapitiriza choncho mpaka mwaye unayamba kufufutika paphewa, kusonyeza kuti chikombole changolikhudza. Analowetsa chigobacho, ndipo chitsekero chinatseka, osati mogwedera ngati kale, koma mogwira pang'ono kumapeto. Anatsegula, anatseka, anatsegulanso, akumvetsera ndi dzanja. Munthu amene wagwira mfuti imodzi moyo wake wonse safuna kumuuza zambiri. Anagwedeza mutu. Ndinamanga chikombole pomwepo kuti chisasunthe, ndipo zotsalazo anapana okha. Za onga ndi zina zonse sindinakhudzeko, imeneyo inali ntchito yawo ndipo ankaidziwa bwino.

Loweruka analawirira kudambo ndi amuna a pamudzi. Ine sanandiitane, ndipo sindinadandaule, mkamwini sadziitana. Ndinalowa m'chigafa, koma fodya sanasokeke. Ndinamva kulira kwa mfuti chapatali, kenako kunangoti zii. Ndinayamba kudzifunsa ngati sipoko ija sinalumphe ngalande m'chigoba china, ngati sindinawapatse chikhulupiriro chabodza. Mkazi wanga ankangotuluka n'kulowa, osagwira ntchito iliyonse.

Dzuwa litakwera tinamva nyimbo kunjira. Amuna anatulukira atanyamula nguluwe yaikulu pamtengo, amayi akululutira, agalu akuuwa. Anthu onse anathamangira nyama. Ine nyamayo sindinaione n'komwe, ndinkafuna nkhope ya apongozi. Ankabwera kumbuyo kwa onse, mfuti ili paphewa, thukuta lili chuchuchu, maso onse awiri ali gwa, akuyang'ana uku ndi uku ngati akusaka munthu.

Anadutsa gulu lonselo, anadutsa akazi awo, n'kudzaima pakhomo pa chigafa. Ndinafuna kunjuta, koma anandigwira mkono. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa chigoba chimene anaombera, chathunthu, chosang'aluka paliponse. Sanachiike pansi kuti nditole, sanatume mwana wawo kuti andipatsire. Anachiika m'dzanja langa, mudzi wonse ukuona.

"Tayezani ichi, akamwini," anatero. "Mukati chafa, chafa."

Ndinachilandira ndi manja awiri. Ndakonza injini zambiri moyo wanga, zina zimene amakaniko a m'tauni anazilephera, koma palibe imene ndimanyadira ngati diso limenelo.