Ndime Yachitatu ya Ba Marjory

Ku maliketi ya ku Chawama, munthu wosadziwa Ba Marjory Tembo ndiye kuti anabwera dzulo. Anali mayi wamtali, wa mikono ngati ya woumba njerwa, wogulitsa kapenta, tinsomba touma, pathebulo lachiwiri kuchokera pageti. Thebulo limenelo ndilo linali munda wawo. Amuna awo anachotsedwa ntchito fakitale itatsekedwa, ndipo ana anayi ankadya zochokera pomwepo. Koma malo m'maliketi ankagawa ndi Ba Cheyamani Ngosa, munthu woti ukamuyang'ana ndi diso loipa, mawa upeza pathebulo pako pakhala mlamu wake.

Zinali zaka zija unga wa nsima, sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkapezeka pamzere, nthawi zina ndi chibakera. Ba Marjory ataona kuti zinthu zikungothina, analowa sukulu ya pa positi kuti apeze setifiketi ya Fomu Faifi. Mwezi wina aphunzitsi anatumiza mafunso atatu pa sewero lakale la azungu, la mfumu yankhanza imene inagwetsedwa ndi kapitawo wake, kapitawoyo n'kudzaphedwanso pambuyo pake. Anayenera kusankha funso limodzi n'kulembapo chimangirizo: za chikondi, za maloto, kapena za mphamvu.

"Va chikondi ninasiya mu 1974," anauza Ba Exildah, mnzawo wogulitsa matimati pambali pawo. "Maloto nayo yafuna munthu wokhuta. Koma va mphamvu, amake Sampa, niviona tsiku na tsiku."

Mfundo zawo ankazisanja monga amaunjikira kapenta, zonenepa pamwamba, mitu pansi. Ndime iliyonse inali ndi pepala lakelake, onse asanu atawapsinja ndi mwala pakona pa thebulo, ndipo kasitomala akasowa ankawasinthanitsa malo uku akung'ung'udza. Mayina a m'seweromo okha ndiwo ankawapinda lilime. Choncho pa mapepala okonzekerawo mfumu anaitcha Ngosa, kapitawo n'kumutcha Chisala, dzina la wachiwiri kwa Ba Cheyamani, mkulu wa anyamata a zibonga.

Lachitatu masana kunamveka mfuu yakuti lole ya unga yafika kusitolo. Ba Marjory anamanga chitenje n'kuliyatsa liwiro, thebulo atasiyira Ba Exildah monga mwa masiku onse. Apo n'kuti Ba Ngosa akuzungulira "kulawa" katundu, ndipo anafuna kapenta. Nyuzipepala zokulungira zinali zitasowa mzinda wonse. Ba Exildah, amene zowerenga anasiyira ana awo, ananyamula mwala n'kukulungira pepala lapamwamba.

Ba Marjory anabwerako opanda unga, bulauzi atang'ambidwa pamzere. Asanakhale n'komwe pansi, thebulo linauluka ndi phazi la Ba Ngosa, kapenta n'kumwazika m'matope. Mbama inawapeza pakhutu.

"Iwe mfiti! Nindani anakutuma?"

"Ba Cheyamani, ni va mu buku chabe!"

"Buku iziba dzina langa? Kuyamba lelo pano ulibe malo!"

Anatambasula pepala lonunkha nsombalo n'kuwerenga mokweza, maliketi yonse ikumva: "Ndime yachitatu. Chisala amaseka ndi Ngosa masana, koma kumbali akunola mpeni. Ngosa ayenera kugwa chifukwa anthu atopa naye. Perekani maumboni atatu."

Atafika pa maumboni, anatembenukira Ba Chisala, amene anaima kumbuyo kwawo akutokosa m'mano.

"Ndiye ni iwe?"

"Ine, bakalamba? Sininakambepo na munthu aliyense!"

Kunena zoona, yankho limenelo silinathandize. Ba Ngosa anatola mwala uja n'kusasantha nawo wachiwiri wawoyo pamphumi. Magazi anatsika mpaka m'kolala. Ba Chisala, amene mpandowo anausirira zaka zisanu ndi ziwiri koma osapeza poyambira, anazula thabwa la misomali pathebulo logwalo n'kulitsitsa pamkono wa bwana wawo. Fupa linalira ngati nzimbe. Anyamata a zibonga anagawikana pawiri n'kuyamba kuswana mitu. Amayi a makala anaponya zidutswa za njerwa, Ba Exildah anapereka matimati onse, owola ndi abwino omwe, ndipo Ba Marjory, khutu likulira, anamenya aliyense woponda kapenta wawo ndi mpando wachitsulo. Ba Ngosa anatuluka pageti ali m'wilibala, mano awiri atatsala m'ngalande.

M'mawa mwake Ba Marjory anakhomanso thebulo lawo pamalo pomwepo, osadziwa ngati adzafika nalo madzulo. Ba Chisala anabwera mutu uli m'bandeji, atavala kale jekete ya ucheyamani.

"Amai, namvela ati ndime zili zisanu. Manje ine nisiliza bwanji?"

Ndime yachisanu inali m'thumba la epuloni, ndipo m'menemo Chisala anali atabayidwa kale ndi anyamata ake omwe. Ba Marjory anayang'ana bandejiyo, n'kuyang'ana mlongo wa Ba Chisala, amene anaima poteropo ndi beseni la kapenta pamutu, akuyeza thebulolo ndi maso.

"Mulamulila zaka makumi anai, Ba Cheyamani. Mufela pa bedi, bazukulu bakulila."

"Lembani nione."

Analemba ataimirira, mayina a m'buku atawabwezera, ndipo Ba Chisala anatsagana nawo mpaka ku positi kuti pepala lopita kwa aphunzitsilo lisasinthe panjira.

Linabwerako patatha milungu itatu, lofiira ndi inki, pansi aphunzitsi atafunsa mwaulemu kuti kodi mayi Tembo anawerenga buku liti. Setifiketi chaka chimenecho sinabwere. Mlongo wa Ba Chisala anapatsidwa malo kufupi ndi zimbudzi, ndipo Ba Marjory anagulitsa kapenta pageti zaka zina khumi ndi zinayi, akumva ndi khutu limodzi.