Mikwingwirima ya kumsana kwanu

Achemwali anga a Estere, lero pa foni ndaona chithunzi cha alendo akusekerera pa kagombe ka miyala kaja, kuseri kwa phiri ku Mbamba Bay.

Dziko likadali Tanganyika wa Angerezi, ine ndili namwali, munakana kusamba padooko ndi amayi anzanu. Munanditenga kanjira kokwera m'matanthwe kaja mpaka mapazi anga anachita matuza. Titafika munavula nsalu yanu ya kanga n'kundipatsa mwala kuti ndikukwecheni kumsana. Ndinasowa poyambira. Msana wonse unali mikwingwirima ya chingwe cha ukonde chimene alamu, amuna anu, ankakukwapulani nacho. Munati, "Kwecha pang'onopang'ono. Ndipo iwe, ankhoswe asamve, banja n'kupirira." Poti wamkulu sabwezeredwa mawu, ndinatseka pakamwa. Mvula isanagwe tinakuikani m'manda, anthu n'kumati anali malungo.

Alendowo alemba kuti malowo ndi abata, sikufika anthu. Eya, n'chifukwa chake munandipititsa kumeneko. Ndikanathamangira kwa amalume tsiku lomwelo, achemwali. Mukanakwiya nane, ndikudziwa. Bola mukanakalamba mukundida.