Chitsotso m'Diso la Kamera

Fungo la fodya wa chingambwe likangondidutsa pamphuno, ndimaona agogo anga aakazi akuzungulira pabwalo lathu kwa Mlolo, fodyayo ali kuseri kwa mlomo, dzanja lina likuingitsa nkhuku pamapira oyanika, lina likuloza mwana woti akalipiridwe. Kukhala pansi sankakudziwa. Ngakhale kutchalitchi ankangosunthasuntha pabenchi ngati akhalira linthumbu.

M'mudzi monse ankadziwika ndi luso lochotsa zitsotso m'maso. Nthawi yopuntha mapira anthu ankabwera akulira diso limodzi, agogo n'kuwagwira chibwano, kukanula zikope ndi zala ziwiri, n'kuuzira kamodzi kokha, fuu! Diso linkathethetsa ndi fodya uja, koma chitsotso chinkatuluka. "Diso salinyengerera," ankatero, akuitana wina.

Chaka chimene mtsinje wa Ruo unadya munda wathu n'kufika pafupi ndi khola, akuluakulu anagwirizana zosamukira kumtunda. Agogo anakana kwamtuwagalu. Atatopa ndi kuchondereredwa anavomera, koma anaika lamulo: sakwera ngolo asanajambulidwe ataima pakhomo pa nyumba imene malemu agogo aamuna anawamangira ndi njerwa zoumba okha. Chibadwire anali asanajambulitsepo.

Malume Zuze, mlongo wawo wa amayi, ankajambula maukwati ku Ngabu. Anawoloka Shire m'mawa wa tsiku losamuka, kamera yawo yadijito ili m'chikwama, ndipo ankayenera kubwerera ndi bwato lamadzulo poti mawa lake anali ndi ukwati. Kunali kotentha koopsa, kamphepo kakunyamula fumbi ndi mungu wa mapira, katundu wina ali kale pangolo, wina ali mbwee pabwalo, ng'ombe zikupukusa mitu pagoli. Malume anasintha lenzi, galasi lakutsogolo kwa kamera, pomwepo pafumbipo, n'kujambula, n'kuwaonetsa agogo pakagalasi ka kumbuyo. Pamwamba pa denga panali kadontho kakuda.

"Ichi n'chiyani padenga panga? Kadzidzi?"

"Ndi fumbi chabe, amayi. Lalowa m'kati mwa kamera."

"Nkhabe, ndakana! Nyumba ya abambo ako ndiitsanzike ili ndi kadzidzi pamutu? Tsitsani katundu!"

Malume anazula lenzi, nadina kenakake, m'kati n'kuonekera kagalasi konyezimira. Anati dzina lake ndi sensa, ndiye diso lenileni la kamera, ndipo sikakhudzidwa ndi chala. Anaika kamera pampando, natembenuka kuti asake kampira kawo kopopera mpweya m'chikwama. Ine ndinawaona agogo akuyandikira, ndinaona zala ziwiri zija zikukonzeka, koma ndisanaitane malume, agogo anali atawerama kale pakamera.

"Kani ndi chitsotso basi?" Fuu!

Malume anakuwa ngati aponda khala lamoto. Atajambulanso, kadzidzi uja anali atachokadi, koma thambo lonse la pachithunzipo linali mathothomathotho a malovu a fodya, ngati nthenga za nkhanga.

"Mwandipha, amayi! Mawa ndikajambula ndi chiyani?"

Agogo anatembenuka. Anapita kuseri kwa nyumba, analavula fodya wawo, natsuka m'kamwa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa mpweya umene unachiritsa mudzi wonse ndiwo unali utaononga chithunzi chawo chomwe.

Panja panalibe malo opanda fumbi. Malume anatiuza kuti tiwaze madzi pansi m'chipinda cha agogo, chimene chinali chitatsala mbee, ndipo tinamasula masikito pamtolo n'kuwapachikanso pamisomali yake yakale. Analowa m'menemo ndi kamera, khadi yakale ya mayunitsi imene anaidula molingana ndi kagalasi kaja, timapepala tawo tofewa, ndi kabotolo konga ka mankhwala a m'maso. Chinasowa n'kuwala. Panafunika munthu woima pawindo ndi kalilole, kulozetsa dzuwa m'kati mwa kamera osagwedezeka.

"Patse kuno," anatero agogo.

"Inu amayi? Mutha kuima malo amodzi?"

"Ndati patse."

Malume anakulunga kapepala pakhadi, anadonthezapo mankhwala, nakoka pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kukafika ina, osabwerera m'mbuyo. Ankatuluka, kujambula thambo, kuliyang'anitsitsa, kubwereranso akung'ung'udza. Madontho anasanduka mizere, mizere n'kuyamba kuchepa. Panja mwini ngolo ankakuwa kuti ng'ombe zatopa, amayi ankalowa ndi kutuluka akuyang'ana dzuwa. Koma agogo anali chiimire, thukuta likutsika m'khosi, ntchentche itatera pamphuno, milomo atatseka kuti ngakhale mpweya usapulumuke. Munthu amene ankalephera kudikira ngakhale madzi kuti awire!

Dzuwa litapendeka, malume anati kwatsala kamzere kamodzi kofiirira pakona, kakukana kuchoka, ndipo akachedwanso bwato liwasiya. Agogo anakayang'ana nthawi yaitali.

"Aka si kadzidzi. Aka ndi kanga. Jambula."

Anaima pakhomo, manja ali m'mbali ngati msilikali. Atamva kuti kwatheka anangoti, "Takhuta, mwananga," kuthokoza kwa Chisena, n'kukwera ngolo osacheuka, ali pamwamba pa matumba akukalipira kale mwini ngolo kuti akuyenda ngati akupita kumaliro.

Mvula yotsatira Ruo anaitenga nyumba ija, ndipo pamalopo lero ndi mchenga ndi bango. Agogo tinawaika kumtunda komweko. Chithunzicho chili pakhoma kwanga. Nditapita kukachikulitsa, mtsikana wa pasitudiyo analoza pakona paja, nati angathe kufufuta kamzereko pakompyuta mosavuta. Ndinagwira dzanja lake lisanafike pabatani. Za agogo tinatsala ndi chitenje, kalilole uja ndi nkhope yawo papepala, koma mpweya wawo unatsalira pakona pomwepo.