Gadiyani wa Mayi a pa Bedi la Pakona

Ndinachoka kwathu ku Chipata ndili m'chaka chachiwiri cha sukulu ya unamwino, kukadzipereka milungu isanu ndi umodzi pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja ku Salima. Malire ndinadumpha ndi mtima wokathandiza amphawi, ine amene ngakhale jakisoni ndinali ndisanadziwe kubaya bwino. Matama a ubwana!

Pachipatalapo zinthu zinali zoperewera. Magulovu tinkachita kuumira, mabandeji tinkachapa ndi kuwiritsa, zilonda tinkatsuka ndi madzi amchere. Anamwino anali awiri okha, choncho kusambitsa wodwala, kumudyetsa ndi kumuchapira inali ntchito ya gadiyani, wachibale wodikirira matenda. Magadiyaniwo anali ndi chisakasa chawo kuseri kwa wodi, komwe ankaphika ndi kuyanika zovala.

Pa bedi la pakona panali mayi ena achikulire ochokera ku Lifuwu. Anadzitema ndi khasu pamsongolo ali m'munda wa mpunga, chilonda n'kunyeka mpaka kununkha. Adokotala anali atanena poyera kuti chikamatsukidwa tsiku ndi tsiku mwendo upulumuka, koma akalekeza, ku chipatala chachikulu cha ku boma akaudula. Mayiwo analibe gadiyani. Mpunga unali utacha, ndipo ana ndi adzukulu onse ankakhalira kuingitsa mbalame kumunda.

Tsiku lachitatu ndinawapeza akumwa phala lozizira m'kapu yobwereka. Ndinapita kwa asisitala, anamwino aakulu a pamenepo, mayi a ku Ntcheu olankhula pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti ine ndikhala gadiyani wa mayiwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, mlendo ndi mame. Tsuka chilonda, zinazo uzisiye."

Ndinaona ngati ndi kuuma mtima. Mumtima ndinati anthu a kuno ntchito yawaphetsa chifundo. Mawa lake ndinalawirira ndi beseni langa.

Ndikamakumbukira masiku amenewo mtima umandiwawa ndi chikhumbo, sindibisa. Ndinkawasambitsa kumsana iwo akundinena kuti manja anga ndi ofewa ngati a munthu wosadziwa mpini. Ndinkawakazingira usipa, iwo n'kulawa, n'kupukusa mutu kuti anthu a kumtunda nsomba timaizunza. Anandiphunzitsa kupeta mpunga ali chikhalire pabedi, lichero lili pamiyendo, mankhusu akugwera pansi pomwe ndangokolopa. Potsuka chilonda sankalira. Ankangondigwira phewa mwamphamvu, akutchula dzina la Allah chamumtima. Ankandiitana kuti mwana wanga wa ku Zambia, ndipo wodi yonse inatengera.

Chomwe sindinaone n'chakuti ndisanabwere, mayiwo sankagona ndi njala. Amayi a kuchisakasa anali ndi dongosolo lawo losalembedwa. Wodwala wopanda munthu ankamugawana: lero uyu amupatulira ndiwo, mawa uja amuchapira chitenje, wina amuperekeza kuchimbudzi. Gadiyani akatuluka ndi wodwala wake, ankasiyira watsopano mawu akuti pakona paja musapaiwale. Phala lozizira lija linali la m'dongosolo lomwelo, linangochedwa kufika. Nditalowerera ine ndi beseni langa latsopano, amayiwo anati basi, mwana wawo wafika, n'kubwerera m'mbuyo. Odziwa mwambowo anatuluka mmodzimmodzi, ndipo obwera kumene sanauzidwe kanthu.

Zimenezi ndinazizindikira m'mlungu womaliza. Chilonda chinali chitasiya kununkha, m'mphepete mukuoneka mnofu wofiira, koma adokotala anati patsala mwezi wina wathunthu. Nditawauza mayiwo kuti Loweruka ndikubwerera kusukulu, anaseka poyamba, poganiza kuti ndi nthabwala zanga. Kenako ananena kuti ngati ndi choncho nawonso apita kwawo, sangakhale pano ngati mbuzi yopanda mwini.

Ndinakalipa. Ndinawakalipira mayi a msinkhu wa agogo anga, kuti kodi akufuna kudulidwa mwendo chifukwa cha makani. Ndinathamangira kuchisakasa, ndinagwada pamaso pa amayi osandidziwa bwino, kuwapempha kuti aziwayang'anira. Anavomera mwaulemu, ena akuyang'anizana. Mmodzi, amene mwamuna wake anali atakhalitsa m'wodi ya abambo, anandiuza mosapsatira kuti iwo ankawasamala kale ndisanabwere, koma munthu ukamuzoloweza dzanja limodzi, manja khumi samukomeranso. Asisitala sanandikumbutse mawu awo aja. Bola akanandikumbutsa, ndikanapeza wokangana naye.

Loweruka m'mawa ndinatsuka chilonda komaliza, ndikumanga bandeji pang'onopang'ono kuti nthawi italike. Wakabaza anali akundidikira panja. Nditati ndatsanzika, mayiwo anandigwira dzanja n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe unkadziwa tsiku lako lopita," anatero. "Ine sunandiuze."

Ndinanyamula chikwama changa n'kukakwera kabaza.

Patatha milungu iwiri ndinaimbira foni asisitala. Anati mayi aja anakhala masiku anayi, akudya pang'ono zomwe amayi a kuchisakasa ankawapatsa. Tsiku lachisanu lake bedi linapezeka lopanda munthu, bulangete atalipinda bwinobwino. Wina anawaona atakwera njinga ya mdzukulu wawo. Sanabwerenso kudzatsukitsa, ndipo chipatalacho chinalibe woti n'kumutuma kumidzi kukawafunafuna.

Tsopano ndine namwino wamkulu, ndipo ana a sukulu akabwera ndi mabeseni awo ndimawauza nkhaniyi, ena amamva, ena amandiona ngati wouma mtima. Koma mayi aja ndimawasowa kwambiri. Ndimafuna nditamvanso akundinena za usipa wopserera. Ku Lifuwu si kutali, basi ya m'mawa ikhoza kundifikitsa tsiku lomwelo, ndipo kawiri konse ndalongedzapo chikwama. Chimandibweza n'chimodzi. Dzina lawo la m'kaundula ndinaliiwala, poti ndinkangoti amayi. Ndikakafika kumindako ndidzayenera kufunsa powafotokoza, ndipo sindidziwa ngati ndikafunse za mayi otsimphina kapena za mayi a mwendo umodzi.