Chaka Chimene Tinayamba Kugula Machesi

Kabokosi kaja kadakalipo. Amayi amakasunga m'kabati kuseri kwa mbale za alendo, koyera ngati kale, koma kothyoka nyanga imodzi. Pamene kankagwira ntchito kanali ndi nyanga ziwiri ndi timaso tobiriwira tomwe tinkaphethira osapuma. Ndikapita kukawaona ndimawauza kuti akataye kudzala, iwo amangoti, "Chinthu chogula sataya." Ine ndikakaona mtima umandiwawa, ndipo sindibisa.

Tinkakhala ku Chimadzi, m'kintali, bwalo la mabanja anayi: mpanda umodzi, mpopi umodzi, ndi mtengo wa masau pakati. Ife tinali obwera, a kumapiri a ku Angoniya. Bambo anatsala kumudzi ndi munda. Amayi ankagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi kumsika, ndipo amalume, mlongo wawo wa amayi, ankanyamula anthu pa njinga yamoto n'kumagona pabalaza pathu. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la mayi wina wachinyungwe, wamkulu kwa amayi, amene tonse tinkangowatchula kuti a vizinya, kutanthauza aneba. Amayi ankakonda kusimba kuti tsiku limene anafika mu Tete, ine ndili kumbuyo, katundu ali pamutu, munthu woyamba kuwalankhula anali a vizinya. Sanafunse dzina, sanafunse kochokera. Anangobwera ndi makala oyaka pa chibenthu cha lata n'kunena kuti, "Phikirani mwana."

M'kintali mwathu machesi ankagulidwa mwa apo ndi apo. Amene mbaula yake yayamba kuyaka m'mawa ndiye ankapatsa moto ena onse, ndipo kukapala moto inali ntchito yanga. Ndinkatenga chibenthu changa, kuima pakhomo la eni ake, n'kuodira kuti, "Dalisensa," iwo n'kundikankhira makala awiri ofiira. Ndimakumbukira kutentha kwa lata m'zala ndi fungo la phulusa ndikuthamanga nawo. Panalibe wothokoza mwapadera, panalibenso wowerengera. Amayi ankati moto sutha chifukwa chopalitsa mnzako, ndipo kumana munthu moto ndi ufiti.

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri, ine ndinali mu setima, kalasi yomaliza ya pulaimale, ya mayeso. Aphunzitsi anayamba kutumiza maphunziro pa foni: zithunzi za pa bolodi, timavidiyo, mafunso oti tiyankhe n'kubweza. Anatumizanso mawu amene sindidzawaiwala: "Amene sakutsatira asadzalire pa ezame." Sindiwada aphunzitsi aja, nawonso anachita kulamulidwa. Koma amene anakhala mu ofesi yozizira n'kuganiza kuti mwana aliyense wa ku Chimadzi ali ndi intaneti m'nyumba, ameneyo ndikanakonda ndikanamuona nkhope. Amayi anayamba kundigulira timamega ta intaneti pang'onopang'ono ngati mchere wa pa supuni, ndipo kavidiyo kamodzi kankamaliza zonse ndisanamve n'komwe mutu wa phunziro.

Ndiye kunabwera anyamata ovala malaya ofanana. Anamanga tenti pamphambano, chimkuzamawu chikuphulika, akuvina ngati kuli ukwati. Mmodzi anatsatira amayi mpaka pakhomo, akuwatchula kuti "mama" mawu alionse. Anati kabokosi ka intaneti kamene anabweretsa n'kongopatsa, promosau, ndipo intaneti yake siitha. "Mukalipira mwezi, mama, mwana aziwerenga mpaka maso atope. Nyumba yonse, mafoni onse." Mwezi umenewo inali nthawi ya amayi yolandira shitiki, chipereganyu chimene azimayi a m'kintali ndi ena a kumsika ankasonkherana. Ndalama ija anaikonzera kuodera matumba ambiri a mbatata. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kabokosi, n'kumasula mfundo ya kapulana, chitenje chawo chija.

Kongopatsa! Kabokosi kanalidi kaulere, koma kakhadi kolowa m'kati mwake kanali kogula. Mnyamata wodzakayatsa anafuna ndalama yake. Mwezi unali wolipiriratu. Soketi yathu inali imodzi yokha, kuchipinda, kumene kabokosi sikankagwira bwino, choncho panafunika nthambo yaitali yofika pawindo. Foni yakale ya amalume imene ndinkagwiritsa ntchito inayamba kukana mavidiyo, akuti yadzaza, amayi n'kukatenga ina yogwiritsidwapo kale ntchito kwa wokonza mafoni. Magetsi athu anali olipiriratu, ndipo kale akatha tinkangogona mumdima mpaka amayi atagulitsa mbatata. Tsopano sankayenera kutha, chifukwa tsiku lopanda magetsi linali tsiku la intaneti lolipira kale lomwe lapita pachabe. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mnyamata wovina uja anatchula.

Ndipo amayi, poti anali munthu wosamala zinthu, anakavundikira ndi kansalu koluka, monga ankachitira ndi wailesi, kuopa fumbi la mu Tete. Kansalu kanafunditsanso kachipangizo kakuda kolowetsa magetsi. Tsiku lina masana tinamva fungo la pulasitiki wopserera, timaso tonse thii. Kusitolo anati garantiya siikhudza zimenezo, ndi kulakwa kwa kasitomala. Tinagula kena. Amalume anaseka mowawa n'kunena kuti walira mvula walira matope, amayi sanaseke nawo.

Koma masabata oyambawo, ndinene zoona, anali okoma. Woyamba kubwera anali a vizinya. Anaima pakhomo foni ili m'manja, "Dalisensa. Ati muli ndi moto watsopano, tipaleko." Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, malire atatsekedwa, ndipo anali asanamuone nkhope kwa nthawi yaitali. Amayi sanaganize kawiri. Anaitana amalume kuti awalembere senya, mawu achinsinsi otsegulira intaneti, m'foni mwawo. Ndinaona a vizinya atakhala pansi pa msau, foni atayigwira ndi manja awiri, akulira ndi kuseka pamodzi, akukalipira mwana wawo m'Chinyungwe kuti waonda. Mawa lake anabwera a khomo lachitatu, kenako achinayi, kenako adzukulu, kenako anzawo a adzukulu amene ankangotsamira mpanda kunja. Amayi ankayenda monyada m'kintali. Kwa nthawi yoyamba obwera ife tinali ndi chinthu chopalitsa eni mzinda.

Amalume anayesa kuchenjeza kuti anthu achuluka. Amayi anawayankha kuti, "Achimwene, anatiuza kuti siitha. Chosatha mungamane nacho munthu? Kupatsa n'kuika."

Mwezi usanafike pakati, intaneti inayamba kukwawa. Timaso tinkaphethira bwinobwino, koma pa foni pankangozungulira kamkombero. Ndinkakhala pawindo thukuta likutsikira m'khosi, lata la denga likulira ndi dzuwa, kudikira chithunzi chimodzi cha masamu chomwe chinkatsika theka n'kuima. Ntchito imene ndinalemba inakana kupita. Yotsatira inakananso. Kenako aphunzitsi anatumiza pagulu la kalasi maina a ana amene anawatcha aulesi, langa lili pomwepo, makolo onse akuona. Ndinalira tsiku lonse. Ine amene ndinkadzuka m'mamawa kuwerenga ndisanakapale moto, waulesi!

Amayi anatseka benchi lawo msanga n'kunditenga kupita kusitolo ya kampaniyo m'tauni, kuti ndikawamasulire Chipwitikizi. M'katimo munali mozizira mpaka ndinachita tsembwe. Mtsikana wa pakauntala, wa zikhadabo zazitali zopaka, anagogoda pa kompyuta n'kunena kuti palibe chawonongeka. Intaneti siitha, inde, koma ili ndi mlingo, ndipo mukaudutsa imachedwa mpaka mwezi wina, pokhapokha mutawonjezera ndalama. Anatisonyeza pansi pa chikalata cha pakhoma, timalemba tating'ono ngati nyerere. Kenako anafunsa kuti ndi anthu angati amene akugwiritsa ntchito. Ndinayamba kutchula makomo, iye n'kuseka. Anati kabokosi kameneko ndi ka banja limodzi basi.

Nditamasulira, amayi anayankha m'Chinyanja, mwakachetechete, "Muuze kuti ndi a m'banja amenewo." Sindinamasulire. Ndinachita manyazi ndi kapulana wawo wa dothi la mbatata m'sitolo yonyezimirayo.

Lero ndikaganiza za tsiku limenelo magazi amandiwira. Anthu aja ankadziwa bwino kumene anakamanga tenti yawo. Ankadziwa kuti ku Chimadzi makomo amayang'anana, kuti mpopi ndi umodzi, kuti kuno munthu sadya yekha mnzake akuona. Mawu oti siitha anawakuwa pa chimkuzamawu m'chilankhulo chathu, mawu a mlingo anawabisa m'Chipwitikizi cha nyerere. Ndiye akatero aziti osauka sadziwa kusamala ndalama. Amayi ankadziwa phindu la mbatata iliyonse m'thumba, sanapusitsidwepo ndi sikelo ya munthu. Anawagwirira pa ubwino wawo, ndipo chimenecho ndi chimene sindikhululuka.

Anawonjezera ndalama tsiku limenelo, ndipo inatha ngati madzi othira pamchenga. Mwezi wotsatira analipiranso, zinthu n'kukhala chimodzimodzi. Anayesa kupempha anthu kuti achepetseko mavidiyo. Onse anavomera ndi mtima wonse, koma aliyense ankaona kuti wochulutsa ndi mnzake, ndipo mafoni ena ankadya okha eni ake ali mtulo. Kumsika nako malonda anali atafa, ankatsekeredwa dzuwa likadali pamutu. Matumba a mbatata amene amayi ankaoda anachepa. Ndiwo zathu zinasanduka masamba a kabichi otsala pabenchi, ndipo ndinkadandaula mokweza, mwana wopanda nzeru ine.

Kenako kunamveka kuti a kalasi ya mayeso adzalemba ndithu. Aphunzitsi anayamba kutumiza zobwereza tsiku ndi tsiku, ine n'kumangoonera kamkombero kaja. Madzulo ena amayi anakhala pa mpando nthawi yaitali akusenda mbatata imodzi mpaka inatsala kachidutswa. Amalume atafika, anawauza kuti, "Sinthani senya ija." Amalume anafunsa ngati a vizinya okha angawasiyire. Amayi anapukusa mutu. Kupatsa khomo limodzi n'kumana ena kukanakhala koipa koposa, ndiponso adzukulu a vizinya akanaifalitsa tsiku lomwelo.

M'mawa mwake a vizinya anabwera foni ili m'manja, akumwetulira. "Vizinya, muli tani? Chinthu chija chakana, aoneko achimwene anu." Ine ndinali pawindo, ndinaona zonse. Amayi sanawayang'ane kumaso. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Tatseka, mama. Yatsala ya mwana yekha, mayeso ayandikira. Mukafuna kulankhula ndi wa ku Joni muzibwera, muziimbira pa foni yathu." A vizinya anakulunga foni yawo m'kapulana, n'kunena mawu amodzi okha othokoza, "Ndatenda," n'kubwerera kwawo pang'onopang'ono. Sanabwere kudzaimbira pa foni yathu ngakhale kamodzi.

Panalibe ndewu. Bwenzi ndewu ikanakhalako, imatha. Moni ankaperekedwa ndithu, koma wouma. Pampopi nkhani zinkaduka amayi akafika. Ndinamva mayi wa khomo lachinayi akunena mokweza, ngati akulankhula ndi ndowa yake, kuti kabokosi kanagulidwa ndi shitiki ya anthu onse, lero kasanduka ka munthu mmodzi, ndi mmene alili anthu a kumapiri. Pansi pa msau panakhala zii, masau akungogwa opanda wotola.

Koma ine ndinali pa chisangalalo. Intaneti inkathamanga. Mavidiyo ankatseguka ndisanachotse chala, ntchito zanga zinkafika zoyamba, aphunzitsi ananditchula pagulu ngati chitsanzo cha mwana wakhama. Mwana yemweyo, mutu womwewo, amene anali waulesi mwezi wathawo! Mayeso ndinalemba ndipo ndinakhoza bwino, n'kupeza malo ku sekondale. Atangotuluka mayeso amayi anasiya kulipira, anazula nthambo, n'kuika kabokosi m'kabati mmene kali mpaka lero. Anthu akamandiyamikira kuti ndinalimbikira nthawi yovuta, ndimangovomera kuti nkhani ithe.

Chimene chimandibwerera kawirikawiri si tsiku la mayeso. Ndi m'mawa wina, masiku ochepa chitsekereni senya. Ndinadzuka n'kupeza mbaula yathu yazizira. Kutsidya kwa bwalo ya a vizinya inali itayaka kale, makala ali psuu, ketulo ikuyamba kulira. Ndinatola chibenthu changa cha lata monga mwa masiku onse. Ndisanatuluke amayi anandigwira dzanja, n'kundilanda chibenthucho, n'kuchilowetsa kunsi kwa kabati. Anamasula mfundo ya kapulana, n'kundiika kandalama m'manja.

"Thamanga kubaraka, ukagule machesi."

Ndinadutsa pafupi ndi mbaula ya a vizinya mpaka kumva kutentha kwake m'miyendo. Iwo anali atawerama akukupiza moto, sanadzutse mutu. Ndinapita ndikudumphadumpha, n'kubwerera ndikugwedeza kabokosi ka machesi pafupi ndi khutu kuti ndizimva kulira kwake. Mumtima ndinkati basi ife takwera, tili ndi intaneti yathuyathu ndi machesi athuathu, sitidzapemphanso moto kwa munthu. Amayi anakhwatcha kamtengo koyamba kanathyoka, kachiwiri kanathyokanso, ndipo ine ndinawaseka kuti sadziwa kuyatsa machesi.